Mafunso ndi Mayankho: Kuonera Kadamsana wa Mwezi mu Lusaka

Makalata ambiri amene afika ku danga lino akufunsa za kadamsana wa mwezi wa pa 28 Ogasiti 2026. Nthawi zonse zimene talemba m'mayankhowa ndi za wotchi ya kuno ku Zambia.

Akonzi, ndinamva kuti pa 3 Malichi 2026 kukhala kadamsana wa mwezi. Ndinakhala panja mpaka pakati pa usiku, koma mwezi unali mbee, wopanda banga. Anatinamiza kodi? (Bambo wa ku Chilenje)

Sanakunamizeni bambo. Kadamsanayo anachitikadi, koma anafika pachimake cha m'ma 13:33, dzuwa likuswa mtengo mu Lusaka, mwezi uli kuseri kwa dziko. Anamuona ndi anthu a kum'mawa kwa Asia, Australia, zilumba za Pacific ndi America. Pamene mwezi unkatuluka kuno madzulo n'kuti zonse zitatha.

Kadamsana wa mwezi amachitika dziko likakhala pakati pa dzuwa ndi mwezi, mthunzi wa dziko n'kugwera pamwezipo. Onse amene mwezi uli pamwamba pawo amamuona pa nthawi imodzimodziyo. Ndiye mukamva kuti kukubwera kadamsana, yambani mwafufuza ngati mwezi udzakhale utatuluka kuno pa ola limenelo. Kadamsanayu amachitika mwezi uli wathunthu basi, ndipo mwezi wathunthu umatuluka dzuwa likamalowa n'kulowa dzuwa likamatuluka. Mu Lusaka zimenezi zikutanthauza kuyambira cha m'ma 18:00 kufika cha m'ma 06:00, kusiyanako pang'ono malinga ndi nyengo.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi wotchi. Ndandanda za akatswiri zimalemba nthawi ya UTC, imene maiko onse amawerengerapo nthawi zawo, ena amati GMT kapena UT. Ife timawonjezerapo maola awiri. Akalemba 04:13 UTC, kuno ndi 06:13. Samalaninso ndi tsiku: nkhani yolembedwa ku America ikhoza kunena kuti kadamsana wa mu Ogasitiyu ndi wa madzulo a pa 27, pamene kuno ndi wa m'bandakucha wa pa 28.

Nanga wa pa 28 Ogasiti tidzamuona? Nditulukire nthawi yanji, ndipo ndiime pati? Kwathu nyumba n'zothithikana. (Mayi wa ku Mtendere)

Tidzamuona mayi, koma theka loyamba lokha, ndipo m'pofunika kudzuka tambala asanalire kawiri. Tsikulo ndi Lachisanu. Tcherani alamu Lachinayi usiku. Amene adzadikire madzulo a Lachisanu adzapeza zitatha kalekale.

Mthunzi wa dziko uli pawiri, wopepuka kunja ndi wakuda mkati, ndipo mwezi udzayamba kulowa mu wopepukawo cha m'ma 03:23. Gawo limeneli musadzukire, maso sazindikira kanthu kufikira mwina 04:10, pamene kumtunda kwa mwezi kumayamba kuoneka ngati kwada pang'ono. Zenizeni zidzayamba 04:33, mthunzi wakuda ukadzaluma mwezi kumtunda kwake. Pofika 05:15 udzakhala utafika pakati. Pachimake ndi 06:13, pamene magawo 93 pa 100 a m'mimba mwa mwezi adzakhale mumdima, kutsala kachigawo kowala m'munsi cha kumanja. Koma dzuwa tsikulo lidzatuluka cha m'ma 06:15, mwezi n'kulowa pa nthawi yomweyo. Pa ola limenelo kunja kudzakhala kutayera, ndipo mwezi wakuda pa thambo loyera suoneka. Nthawi yanu yabwino ndi kuyambira 04:45 kufika 05:45. Amene akulengeza kuti tulukani 06:13 chifukwa ndi pachimake akukutumizani kukayang'ana thambo lopanda kanthu.

Mwezi udzakhala kumadzulo, ukutsika. Poyeza kutalika kwake, tambasulani mkono wonse, fumbatani chibakera. Chibakera chimodzi chimaphimba madigiri pafupifupi 10 a thambo. Pa 04:33 mwezi udzakhala pamwamba zibakera ziwiri ndi theka kuchokera pamene thambo lakumana ndi nthaka. Pa 05:30 kudzatsala chibakera chimodzi chokha. Apa ndi pamene anthu a m'makomboni amalepherera. Mpanda wa mamita awiri, mukaima mamita asanu kuchokera pamenepo, umakubisirani pafupifupi madigiri asanu, ndipo denga la nyumba yoyandikana kapena mtengo wa mango umabisa zibakera ziwiri kapena zitatu.

Malo muwapezeretu kudakali masiku. Madzulo ena sabata imeneyo, onani pamene dzuwa likulowera. Mwezi udzalowera zibakera ziwiri kumanzere kwa pamenepo, chifukwa kumapeto kwa Ogasiti dzuwa limalowera madigiri pafupifupi 10 kumpoto kwa kumadzulo kwenikweni, mwezi wa kadamsana n'kulowera madigiri 10 kum'mwera kwake. Mbali imeneyo ikakhala yotseguka, malo mwapeza. Bwalo la mpira ndi labwino mukaima kumapeto kwake a kum'mawa, kuti bwalo lonse likhale patsogolo panu. Khonde la nyumba yosanja loyang'ana kumadzulo limathandizanso, ngakhalenso msewu wautali wolunjika kumadzulo.

Pali chinanso chimene a ku Mtendere, Kalingalinga, Kabulonga, Ibex Hill ndi Chelston ayenera kudziwa. Inu mudzayang'ana mwezi kudutsa pamwamba pa tauni yonse ndi dera la mafakitale. Ogasiti ndi mwezi wa mphepo, fumbi ndi moto wa m'tchire, ndipo m'bandakucha mpweya wozizira umapanikiza utsi wa mbaula ndi zinyalala pafupi ndi nthaka. Mwezi ukatsika kufika chibakera chimodzi, kuwala kwake kumadutsa mu mpweya wochuluka kuwirikiza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuyerekeza ndi pamene uli pamutu, ndipo ukhoza kuzimirira mu utsiwo usanafike n'komwe pansi. A ku Makeni, Lilanda ndi m'mbali mwa Mumbwa Road ali ndi mwayi pang'ono chifukwa mzinda udzakhala kumbuyo kwawo. Komabe sitikulangiza kuti mubwereke galimoto usiku chifukwa cha kadamsana ameneyu. Magetsi a mumzinda salepheretsa kuona mwezi. Ingopewani kuima pansi pa getsi lowalira m'maso.

Pa ola limenelo musayende nokha, pitani ndi apabanja kapena anansi. Valani juzi, popeza Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 ndipo m'mawa wa Ogasiti umalumabe. Ana musawalole kukwera pamalata kapena pa nsanja ya thanki la madzi mumdima.

Mu 2001 tinauzidwa kuti tikayang'ana kadamsana popanda magalasi tichita khungu. Magalasiwo ndinawasunga. Ndiwatulutse? Komanso mpongozi wanga ndi woyembekezera, ena akuti asatuluke. (Agogo a ku Matero)

Agogo, magalasiwo asiyeni m'sutikesi. Wa pa 21 Juni 2001 anali kadamsana wa dzuwa, pamene mwezi unaphimba dzuwa lonse mu Lusaka kwa mphindi zitatu ndi pang'ono, 15:00 itangodutsa. Choopsa tsiku limenelo chinali dzuwa lenilenilo, limene limawotcha mkati mwa diso munthu akalipenyetsetsa. Mwezi ulibe kuwala kwakewake, umangobweza kwa dzuwa, ndipo ngakhale uli wathunthu ndi wofooka kuwirikiza pafupifupi 400,000 kuyerekeza ndi dzuwa. Pa kadamsana umafookeratu. Mukavala magalasi aja simudzaona chilichonse. Ndipo musadzawadalirenso ngakhale pa kadamsana wa dzuwa, chifukwa kapepala kake kakakalamba kamatha kukandika kapena kuboola timabowo tosaoneka.

Apongozi anu atuluke aonere, palibe chimene chidzachitikire iwo kapena mwana. Mthunzi umenewu ndi womwe uja timakhalamo usiku uliwonse dzuwa likalowa, kungoti tsikulo wafika pamwezi. Chakudya, madzi ndi ziweto sizikhudzidwa.

Chenjezo lathu ndi limodzi, la okhala ndi zoonera patali. Pa 28 Ogasiti dzuwa lidzatulukira kumbuyo kwanu kadamsana ali mkati. Kukangoyera, landani chipangizocho m'manja mwa ana, asatembenuke nacho kuloza kum'mawa.

Pa 7 Seputembala 2025 mwezi unafiira. Ngati dziko latchinga dzuwa, kufiirako kukuchokera kuti? Anzanga akuti ndi chizindikiro cha tsoka. (Mnyamata wa ku Chawama)

Usiku umenewo mwezi wonse unakhala mu mthunzi wakuda kwa mphindi 82, kuyambira 19:30 kufika 20:52. Dziko likanakhala lopanda mpweya, mwezi ukanangozimirira. Koma m'mphepete monse mwa dziko muli mpweya, ndipo kuwala kwa dzuwa kukamadutsa mmenemo kumapindikira mkati mwa mthunzi. Paulendo wautali umenewo mpweya umamwaza kuwala kobiriwira ngati thambo, kofiira n'kumapitirira. N'chifukwa chomwecho dzuwa limafiira polowa. Kofiira kotsalako ndi kumene kumagwera pamwezi.

Kufiirako sikufanana nthawi zonse. Katswiri wa ku France, André Danjon, anakonza muyeso woyambira pa 0 kufika pa 4. Pa 0 mwezi umada mpaka kusowa, pa 2 umafiira moderako, pa 3 umakhala ngati njerwa yowotcha bwino, pa 4 umawala mofiirira chachikasu. Zimatengera zinthu ziwiri: mwezi walowa mkati motani mu mthunzi, komanso mpweya wa m'mwamba kwambiri ndi woyera motani. Phiri la Pinatubo ku Philippines litaphulika mu Juni 1991, linaponya phulusa ndi mpweya wa sulufule m'mwambamo, ndipo kadamsana wa pa 9 Disembala 1992 anada kwambiri moti anthu ambiri anavutika kuupeza mwezi. Utsi wa mu Lusaka si umene umabweretsa kufiirako, ngakhale umachepetsa kuwala mwezi ukakhala m'munsi. Pa 28 Ogasiti kufiira kudzayamba kuoneka mthunzi ukapitirira theka, makamaka kwa amene ali ndi zoonera patali, koma kudzalimbana ndi kucha kwa kunja.

Za tsokazo, uzani anzanuwo kuti akadamsana amabwera motsatira dongosolo limene anthu a ku Babulo ankalidziwa kale zaka zoposa 2,000 zapitazo. Pakatha zaka 18, masiku 11 ndi maola pafupifupi 8, kadamsana wofanana amabweranso. Wa pa 28 Ogasiti 2026 ndi mbale wake wa amene anaoneka kuno usiku wa pa 16 Ogasiti 2008, cha m'ma 23:10. Maola owonjezera aja ndi amene amusunthira m'bandakucha ulendo uno.

Ana a sukulu andifunsa chifukwa chake kadamsana sachitika mwezi uliwonse, popeza mwezi umakhala wathunthu mwezi uliwonse. Ndiwasonyeze bwanji? (Mphunzitsi wa ku Kanyama)

Aphunzitsi, njira ya mwezi pozungulira dziko ndi yopendekeka madigiri pafupifupi 5 poyerekeza ndi njira ya dziko pozungulira dzuwa. Miyezi yambiri mwezi wathunthu umadutsa pamwamba kapena pansi pa mthunzi. Njira ziwirizi zimadutsana pa malo awiri okha, ndipo malowo amalunjikana ndi dzuwa pakatha masiku pafupifupi 173. N'chifukwa chake akadamsana amabwera m'nyengo ziwiri pachaka, monga Malichi ndi Ogasiti mu 2026.

Zojambula za m'mabuku zimasocheretsa ana chifukwa zimaika mwezi pafupi kwambiri ndi dziko. Atulutseni panja m'mawa dzuwa lidakali m'munsi, cha m'ma 07:00. Tengani mpira wamiyendo, umene ndi masentimita 22 m'mimba mwake, ukhale dziko. Mwezi ukhale ndimu ya masentimita 6 yobayidwa pa kamtengo. Dziko ndi makilomita 12,742 m'mimba mwake, mwezi ndi 3,474, ndipo mtunda wa pakati pawo ndi makilomita pafupifupi 384,400, kutanthauza maiko 30 kuwandandalika. Pa muyeso wa mpirawo, mtunda umenewu ndi mamita 6.6. Dulani chingwe cha utali umenewo. Mwana wamtali anyamule mpira m'mwamba ataima pa desiki, wina aime kumapeto kwa chingwe, kumbali yopanda dzuwa, afunefune mthunzi ndi ndimuyo. Adzavutika kuupeza, ndipo phunziro lili pamenepo. Pa mtunda umenewo mthunzi wakuda ndi masentimita pafupifupi 16 okha, pamene kupendekeka kwa madigiri 5 kumakweza kapena kutsitsa ndimu mpaka masentimita 58.

Akavutika kwambiri, ikani pepala loyera kumbuyo kwa ndimu. Papepalapo adzaona pakati pakuda ndi m'mbali mopepuka, mithunzi iwiri imene mwezi umadutsamo. Masana izi sizitheka chifukwa mthunzi umagwa pansi usanafike kumapeto kwa chingwe. Tochi nayonso sipereka muyeso woona, popeza ili pafupi kwambiri ndipo mthunzi wake umakula m'malo mochepa.

Pa tsiku la kadamsana, auzeni ayang'anitsitse m'mphepete mwa mthunzi. Nthawi zonse ndi mokhota. Agiriki akale anatengerapo umboni woti dziko ndi lobulungira.

Ndikajambula mwezi ndi foni pamatuluka kadontho koyera basi. Ndichite chiyani? (Mtsikana wa ku Kabwata)

Zifukwa ndi ziwiri. Mwezi ndi waung'ono kuposa mmene maso amatiuzira, theka la digiri basi, moti pa chithunzi cha mapikiselo 4,000 m'lifupi umatenga pafupifupi 30. Chachiwiri, foni imaona mdima waukulu wozungulira n'kuwonjezera kuwala, mwezi n'kupsa kukhala woyera mbee.

Pukutani kagalasi ka kamera. Zimitsani fulashi. Tsamiritsani foni pa mpanda kapena pa njerwa, muichirikize ndi kathumba ka mchenga kapena mpunga. Ngati ili ndi kamera yachiwiri yokokera zinthu pafupi, gwiritsani imeneyo, koma musakoke ndi zala kupitirira pamenepo chifukwa kumangofutukula madontho omwewo. Dinani pamwezi ndi kugwiritsitsa mpaka foni itseke fokasi, kenako tsitsani kuwala kufikira madera akuda a pamwezi ayambe kuoneka. Tcherani kuti ijambule pakatha masekondi atatu, kuti kugwedeza kwa chala kuthe.

Chithunzi chabwinoko chimatuluka mukalumikiza foni ndi zoonera patali. Za 7x50 kapena 10x50 ndi zokwanira. Nambala yoyamba ikunena kuti zimakulitsa kangati, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Zimangireni pa mpando kapena pa mtengo ndi mphira, zilunjikeni pamwezi, konzani fokasi ndi diso, kenako ikani kamera ya foni pa kagalasi koyang'anirapo, motalikira pafupifupi sentimita imodzi. Mukaona mdima m'mbali ndiye kuti foni yapendekeka kapena yatalikira. Mwezi umasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake pa mphindi ziwiri zilizonse chifukwa cha kuzungulira kwa dziko, choncho muzilunjikanso pafupipafupi. Yesererani usiku wa dzulo lake, chifukwa kuphunzira zimenezi mumdima wa 05:00 kumadya nthawi yonse ya kadamsana.

Okhala ndi kamera yaikulu afunika lenzi ya mamilimita 200 kapena 300 ndi choimikapo cha miyendo itatu. Mbali yowala imafuna ISO (mphamvu ya kamera yogwira kuwala) ya 100 kapena 200, kabowo ka lenzi pa f/8, ndi nthawi yojambula ya 1/250 ya sekondi, n'kumatalikitsa nthawiyo mwezi ukamatsika. Mbali yofiira ndi yofooka kuwirikiza masauzande, imafuna ISO 1600, f/5.6, ndi theka la sekondi kapena sekondi imodzi. Mukapitirira sekondi imodzi pa mamilimita 300, mwezi umatuluka wopakika chifukwa wasuntha. Mbali ziwirizi sizituluka bwino pa chithunzi chimodzi, jambulani iliyonse payokha. Fokasi ikhale yokonza ndi dzanja, chifukwa yodzikonza yokha imasochera mwezi ukada.

Malangizo athu ndi akuti pa 28 Ogasiti musalimbane ndi kukulitsa mwezi. Popeza udzakhala m'munsi, ujambuleni pamodzi ndi mtengo, nsanja ya tchalitchi kapena nyumba zazitali za ku Cairo Road cha m'ma 05:40, pamene thambo layamba kuyera ndipo foni imatha kugwira zonse ziwiri.

Ndikaphonya ameneyu, wina adzabwera liti? (Bambo wa ku Chelston)

Chaka cha 2027 chili ndi akadamsana a mthunzi wopepuka okha, ovuta kuwazindikira. Pa 6 Julayi 2028, cha m'ma 20:20, mthunzi wakuda udzaphimba pafupifupi magawo 39 pa 100, pa ola labwino komanso m'nyengo yopanda mitambo.

Athunthu akubwera atatu motsatizana. Woyamba ndi wa pa 31 Disembala 2028. Mwezi udzatuluka cha m'ma 18:40 uli kale mu mthunzi, kum'mawa chakumpoto, ndipo udzakhala wofiira kufikira 19:28. Poyamba udzavuta kuupeza chifukwa kunja kudzakhala kusanade. Wachitatu ndi wa usiku wa pa 20 Disembala 2029, pachimake cha m'ma 00:42 kulowa pa 21, mwezi uli pamwamba chakumpoto. Awiriwa agwera pakati pa dzinja. Mvula ikagwa madzulo musafulumire kukagona, chifukwa mitambo ya mabingu nthawi zambiri imang'ambika usiku, ndipo mpweya wotsukidwa ndi mvula umaonetsa mwezi bwino kuposa wa Ogasiti. Muzisuzumira panja mphindi khumi zilizonse.

Woti mumulembe pakhoma ndi wapakatiyo, wa pa 26 Juni 2029. Mthunzi wakuda udzayamba 03:32, mwezi wonse udzakhala mumdima kuyambira 04:31 kufika 06:13, mphindi 102, kutsala pang'ono kufanana ndi wa pa 27 Julayi 2018 amene anatenga mphindi 103. Mwezi udzadutsa pakati penipeni pa mthunzi, ndipo kumbuyo kwake kudzakhala chigawo chowala kwambiri cha Mlalang'amba, chimene chimaonekera mwezi ukangoda. Ameneyu yekha ndi woyenera kumutulukira kunja kwa mzinda, makilomita 30 kapena 40 m'mbali mwa Mumbwa Road, kumene magetsi a Lusaka adzatsalire kum'mawa, kumbuyo kwanu. Mwezi udzalowera kumadzulo chakum'mwera. Tengani bulangeti ndi tiyi wa mufulasiki, chifukwa kumapeto kwa Juni m'bandakucha kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, ndipo mukhale mutafika pamalopo 03:15 isanakwane.